Ndemanga pa Elahere, mankhwala a khansa ya thumba la mazira olowera pakhomo la foleti

Ndinayamba kutsatira nkhani ya mankhwala amenewa mu Malichi 2019, dzina lakuti Elahere lisanabadwe n'komwe, pamene kampani ya ImmunoGen ya ku Waltham m'chigawo cha Massachusetts ku America inalengeza kuti kafukufuku wake wamkulu wotchedwa FORWARD I sanakwaniritse cholinga chake. Pa nthawiyo ndinaganiza kuti nkhaniyo yathera pomwepo, chifukwa mankhwala ena awiri amene anapangidwa kuti agwire puloteni ya pa maselo a khansa imene mankhwalawa amalunjikanso anali atalephera kale m'zaka zam'mbuyomo. Patapita zaka zisanu zokha, pa 22 Malichi 2024, bungwe la FDA loona za mankhwala ku America linawavomereza kotheratu, ndipo mayiko a mu European Union anatsatira mu Novembala chaka chomwecho. Ndawerenga mosamala chikalata chofotokoza kagwiritsidwe ntchito kake pamodzi ndi zotsatira za kafukufuku amene anasindikizidwa, ndipo maganizo anga ndi akuti mankhwalawa ndi othandizadi, koma phindu lake lonse latsamira pa kupima kumene kumachitika mayi asanalandire dontho loyamba, ndiponso pa kukhalapo kwa dokotala wa maso pa nthawi yonse ya chithandizo.

Dzina lake la sayansi ndi mirvetuximab soravtansine, ndipo tsopano ali m'manja mwa kampani ya AbbVie imene inagula ImmunoGen mu Febuluwale 2024. Amaperekedwa kwa amayi akuluakulu amene ali ndi khansa ya thumba la mazira, ya machubu odutsamo mazira, kapena ya nembanemba yokuta ziwalo za m'mimba, koma pokhapokha khansayo itasiya kumva mankhwala okhala ndi platinum monga carboplatin, komanso mayiyo atalandira kale mitundu ya chithandizo kuyambira umodzi kufikira itatu. Madokotala amati khansa yasiya kumva platinum ikabwereranso miyezi isanu ndi umodzi isanathe chilandirireni mankhwalawo komaliza. Aliyense amene anasamalirapo wodwala wofika pamenepa akudziwa kulemera kwa mawu amenewa, chifukwa mankhwala otsala amachepetsa chotupa mwa amayi ochepa kwambiri, ndipo ngakhale kwa iwowo mpumulo wake sukhalitsa. Mu 2022 amayi oposa 320,000 pa dziko lonse anapezeka ndi khansa ya thumba la mazira ndipo oposa 200,000 anamwalira nayo, ambiri a iwo chifukwa chakuti matendawa amazindikirika mochedwa, atafalikira kale m'mimba.

Kuti munthu aone chimene chili chatsopano mwa Elahere, ayenera kudziwa kaye za foleti. Foleti ndi vitamini B9, imene inapatulidwa koyamba m'masamba a sipinachi mu 1941 n'kupatsidwa dzina lochokera ku liwu la Chilatini lotanthauza tsamba. Selo lililonse limene likufuna kugawikana limafuna foleti kuti lipange DNA yatsopano, choncho maselo a khansa, amene amagawikana mosalekeza, amaifuna kwambiri. Madokotala anazindikira zimenezi kalekale, pakuti mu 1948 Sidney Farber wa ku Boston anasonyeza kuti aminopterin, mankhwala otsekereza ntchito ya foleti, ankabweza kwa kanthawi khansa ya m'magazi mwa ana, ndipo methotrexate amene akugwiritsidwabe ntchito lero anachokera m'nzeru yomweyo. Koma mankhwala otero amamana foleti maselo onse ogawikana, abwino ndi oipa omwe. Elahere sasokoneza ntchito ya foletiyo m'selo, amangogwiritsa ntchito khomo limene vitaminiyo imalowerapo.

Maselo ambiri a m'thupi amalowetsa foleti kudzera mwa mapuloteni awiri onyamula otchedwa RFC ndi PCFT. Palinso njira yachitatu, imene ndi puloteni yotchedwa folate receptor alpha, mwachidule FRα, ndipo malangizo oipangira ali mu jini yotchedwa FOLR1 imene ili pa mkono wautali wa kromozomu 11. Puloteni imeneyi siiboola khungu la selo, koma imamangiriridwa kunja kwake ndi kachingwe ka mafuta ndi shuga. Ikagwira foleti, ndipo imagwira mwamphamvu zedi ngakhale foletiyo itakhala yochepetsetsa, khungu la selo limapindikira m'kati n'kupanga kathumba, ndipo puloteniyo pamodzi ndi katundu wake zimamezedwa. Mwa munthu wathanzi FRα imapezeka m'malo ochepa: m'timachubu ta impso, kumene imabweza foleti kuti isatayikire mumkodzo, mu nsengwa, m'mapapo, ndiponso m'kachiwalo ka mu ubongo kopanga madzi ozungulira ubongo ndi msana. M'malo ambiri mwa amenewa puloteniyi imayang'ana kumbali imene magazi safikako mwachindunji, ndipo mfundo yooneka yaing'ono imeneyi ndi imene imachititsa kuti mankhwala oyenda m'magazi asawononge kwambiri ziwalozo. Kufunika kwa jiniyi kumaoneka bwino mwa ana amene amabadwa makope ake onse awiri ali owonongeka. Matenda awo anafotokozedwa mu 2009: foleti imakhala yokwanira m'magazi koma siifika mu ubongo, ndipo mwana amene ankakula bwino amayamba kukomoka, kulephera kuyenda ndi kubwerera m'mbuyo m'maganizo, kufikira atapatsidwa mtundu wina wa foleti wotchedwa folinic acid.

M'zotupa zina zinthu zimatembenuka. Maselo a khansa amapanga FRα yochuluka koposa, ndipo popeza chotupa chilibe dongosolo la kuno n'kutsogolo uku n'kumbuyo, puloteniyo imabalalika pa khungu lonse la selo, poti magazi angathe kuikhudza. Ofufuza a ku Milan ku Italy anapanga m'zaka za m'ma 1980 ma antibodi (mapuloteni ozindikira ndi kumatirira ku chinthu chimodzi chokha) otchedwa MOv18 ndi MOv19, amene ankamatirira ku maselo a khansa ya thumba la mazira, ndipo mu 1991 zinadziwika kuti chimene ankamatirirako ndi puloteni yogwira foleti yomweyi. Kuchokera pamenepo yapezekanso yochuluka m'khansa zina za chiberekero, za m'mapapo, za nembanemba yokuta mapapo, ndi mu mtundu wa khansa ya m'mawere wotchedwa triple-negative, koma kumene imachuluka kawirikawiri ndi mu khansa ya thumba la mazira ya mtundu wa high-grade serous, umene ndi wofala ndiponso wakupha kuposa ina. Ofufuza akukambiranabe ngati puloteniyi imathandizira khansa kukula kapena ngati ili chizindikiro chabe cha mtundu wa maselo amene khansayo inachokerako. Mwa mankhwala awiri amene analephera aja, a farletuzumab anali antibodi yopanda katundu wina, yodalira kuti kumatirira kokhako pamodzi ndi chitetezo cha m'thupi zifooketsa chotupa, ndipo mu 2013 kafukufuku wake wamkulu analephera. Mankhwala a vintafolide anamangirira poizoni ku foleti yeniyeniyo, ndipo kafukufuku wake anaimitsidwa mu 2014.

Chimene ndimachiyamikira m'kapangidwe ka Elahere n'chakuti sikadalira yankho la mkangano umenewo. Kaya puloteniyo ikuthandiza khansa kaya ayi, chofunika n'chakuti ili pamenepo ndipo imameza chimene chaimatirira. Mankhwalawa ali ndi zigawo zitatu, zimene ndi antibodi yofunafuna FRα, poizoni wamphamvu wotchedwa DM4, ndi kachingwe kolumikiza ziwirizo kamene kamaduka kakalowa m'selo. Antibodi iliyonse imasenza timagawo ta poizoniyo titatu kapena tinayi. DM4 ndi mbadwa ya maytansine, mankhwala amene anapezeka mu 1972 m'chitsamba cha ku Ethiopia cha mtundu wa Maytenus, ndipo atayesedwa okha pa odwala anaoneka kuti akuvulaza thupi kwambiri popanda phindu lokwanira, motero anaikidwa pambali kwa zaka zambiri. Poizoniyu amasokoneza timitengo ta m'selo timene timakoka ma kromozomu pa nthawi yogawikana, choncho selo limalephera kumaliza kugawikana n'kufa. Zotsalira zake zimatha kudutsa khungu la selolo n'kupha maselo oyandikana nalo, ngakhale amene alibe FRα yambiri, ndipo zimenezi n'zofunika chifukwa maselo a chotupa chimodzi safanana onse.

Nanga n'chifukwa chiyani mankhwala opangidwa mwanzeru chotere analephera mu 2019? Apa ndi pamene pali phunziro lalikulu la nkhani yonseyi, ndipo ndi chifukwa chake sindingalembe ndemanga ya Elahere popanda kuyesanso kupima kumene kumayenda nawo. Mu FORWARD I munali amayi 366, ndipo nthawi imene khansa inakhala osakula inali pafupifupi yofanana mbali zonse ziwiri, miyezi 4.1 kwa olandira mirvetuximab ndi miyezi 4.4 kwa olandira mankhwala akale. Ofufuza atabwerera kukayang'ananso tizidutswa ta zotupazo, anapeza kuti vuto linayambira pa maikulosikopu. Pofuna kufewetsa ntchito, anali atasintha njira yowerengera, n'kumawerenga selo lililonse limene linaonetsa utoto pa khungu lake poliyang'ana mokulitsa kakhumi, osaganizira kuti utotowo ndi wakuda motani. Atawerenganso ndi njira yokhwima, yowerenga maselo okhawo ogwira utoto moonekeratu, zinaoneka kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi FRα yochepa kuposa imene inkafunika kuti alowe m'kafukufukuyo, ndipo phindu la amene anali nayo yambiri linasungunukira m'gulu lonselo. Mankhwala anali omwewo, mlingo unali womwewo, koma anaperekedwa kwa anthu ena amene khomo lawo linali lopapatiza.

Kupima kumene kunavomerezedwa pamodzi ndi mankhwalawa kumatchedwa VENTANA FOLR1 RxDx Assay, ndipo kumapangidwa ndi kampani ya Roche. Kachidutswa ka chotupa kamadulidwa mopyapyala, kamapakidwa antibodi yosiya utoto paliponse pamene pali FRα, kenako dokotala wopima minofu amawerenga. Mayi amayenerera Elahere ngati maselo 75 kapena kuposerapo pa maselo 100 alionse amoyo a chotupacho agwira utoto wapakatikati kapena wakuda, umene amaulemba 2+ kapena 3+. Amayi apakati pa 35 ndi 40 pa 100 alionse a khansa yotere ndi amene amafika pa mlingo umenewu, kutanthauza kuti ambiri amene angamve za mankhwalawa n'kudzazidwa ndi chiyembekezo adzauzidwa kuti si awo. Ndikuona kuti mzere wa 75 ndi wachilungamo pa umboni umene ulipo, komabe n'zosautsa kuti tsogolo la chithandizo cha munthu lidalire diso la wopima mmodzi pamene chotupa chagwera m'malire, pa 70 kapena pa 80. Pamenepo n'koyenera kupempha kuti wopima wachiwiri aonenso. Dzina la kupimaku lasokonezanso anthu ena, chifukwa lili ndi dzina la jini. Kupimaku sikuyang'ana jini m'magazi ngati mmene amapimira BRCA1 ndi BRCA2, ndipo zotsatira zake sizinena chilichonse chokhudza ngozi ya khansa kwa ana aakazi kapena achemwali a wodwalayo. Kumangoyeza kuchuluka kwa puloteni pa maselo a chotupa chimenecho.

Atakonza kasankhidwe ka odwala, zotsatira zinasintha. Mu kafukufuku wa SORAYA, wa amayi 106 amene onse analandira mankhwalawa, chotupa chinachepa mwa amayi pafupifupi 32 pa 100 alionse, ndipo kuchepako kunakhala kwa miyezi 6.9 mwa apakatikati. Pa umboni umenewu FDA inapereka chilolezo chofulumira pa 14 Novembala 2022. Umboni wolemera unabwera ndi MIRASOL, kafukufuku wa amayi 453 amene anatsogoleredwa ndi Dr Kathleen Moore wa ku Oklahoma ndipo anasindikizidwa mu New England Journal of Medicine mu Disembala 2023. Amayiwo anagawidwa mwamaere, theka linalandira Elahere ndipo theka linalo linalandira paclitaxel, pegylated liposomal doxorubicin kapena topotecan, malinga ndi kusankha kwa dokotala. Chotupa chinachepa mwa amayi 42 pa 100 alionse a Elahere poyerekeza ndi 16 a mankhwala akale. Khansa inakhala osakula kwa miyezi 5.62 poyerekeza ndi 3.98, ndipo nthawi imene amayiwo anakhala ndi moyo chilowereni m'kafukufukuyo inafika, mwa apakatikati, miyezi 16.46 poyerekeza ndi 12.75.

Manambala amenewa ayenera kuwerengedwa ndi maso awiri. Kumbali imodzi, kusiyana kwa moyo ndi miyezi yosakwana inayi, ndipo theka la amayi olandira Elahere khansa yawo inali itayambanso kukula miyezi isanu ndi umodzi isanathe, choncho amenewa si mankhwala ochiritsa, ndipo amene angawatchule choncho akunamiza banja limene lavutika kale. Kumbali inayo, mu khansa yosamva platinum mankhwala atsopano ambiri anayesedwa kwa zaka zambiri popanda kutalikitsa moyo, ndipo MIRASOL anathyola mkhalidwe umenewo. Miyezi inayi ndi chiwerengero cha apakatikati, ena amapeza yochepa ndipo ena yochuluka ndithu, ndipo sindingaipeputse miyeziyo podziwa zimene mayi angachite nayo akakhala kuti ululu ndi kutupa kwa mimba zachepa. Chinandikhutiritsa kwambiri n'chakuti miyeziyo sinagulidwe ndi kuzunzika kowonjezereka. Zovuta zazikulu zinagwera amayi pafupifupi 42 pa 100 alionse a Elahere poyerekeza ndi 54 a mankhwala akale, ndipo amene analeka chithandizo chifukwa cha zovutazo anali 9 poyerekeza ndi 16. Kuthothoka kwa tsitsi ndi kuchepa kwa maselo a magazi, zimene amayi ambiri amaziopa, zinali zochepa kwambiri.

Mtengo weniweni wa mankhwalawa umalipiridwa ndi maso, ndipo chenjezo lake linalembedwa m'bokosi lakuda pamwamba pa chikalata chake, limene ndi chenjezo lamphamvu koposa m'malamulo a ku America. Mu MIRASOL amayi 56 pa 100 alionse anavutika ndi maso mwa njira ina, pafupifupi 41 ankaona mwachimbuuzi, ndipo pafupifupi 32 anawonongeka khungu loonekera la kutsogolo kwa diso, limene madokotala amalitcha cornea. Ena amauma m'maso, ena amamva kuwawa kapena kuthobwa ndi kuwala. Ofufuza amakhulupirira kuti zimenezi sizichokera ku FRα, koma kuti maselo a khungu la disolo, amene amagawikana msanga, amangomeza mankhwalawo mosasankha. Kawirikawiri vutoli limachepa kapena kutha dokotala akachedwetsa diripi yotsatira kapena akatsitsa mlingo, ndipo m'kafukufukuyo amene analekeratu chifukwa cha maso anali ochepa kwambiri, koma tisaiwale kuti amayi a m'kafukufuku ankaonedwa ndi akatswiri a maso mosadumphitsa. Malangizo amati maso apimidwe chithandizo chisanayambe, kenako apimidwenso pa diripi yachiwiri iliyonse kufikira diripi zisanu ndi zitatu zoyambirira zitatha. Mayi amayenera kudonthezera mankhwala a steroid kasanu ndi kamodzi pa tsiku kuyambira tsiku limodzi diripi isanafike mpaka tsiku lachinayi, kenako kanayi pa tsiku mpaka tsiku lachisanu ndi chitatu, komanso madontho ofewetsa maso osachepera kanayi tsiku lililonse, ndipo magalasi omata m'maso amayenera kupewedwa. Imeneyi ndi ntchito yolemetsa kwa munthu wotopa ndi matenda, ndipo kwa mayi amene chitonthozo chake ndi kuwerenga, kusoka kapena kuyang'ana nkhope za adzukulu ake, masabata a chimbuuzi si chinthu chaching'ono. Apa ndi pamene ndimawachotsera mankhwalawa ulemu wina, ndipo ndinganene mosabisa kuti kumene kulibe dokotala wa maso wokhala ndi chipangizo chounikira cornea, Elahere sayenera kuyambidwa.

Kaperekedwe kake n'kosavuta poyerekeza ndi mankhwala a mlungu ndi mlungu. Ndi diripi imodzi pa masabata atatu alionse, pa mlingo wa mamiligalamu 6 pa kilogalamu, koma kulemerako sikutengedwa pa sikelo mwachindunji, kumawerengeredwa poganiziranso kutalika kwa munthu, chifukwa kafukufuku woyambirira anasonyeza kuti njira imeneyi imachepetsa vuto la maso. Diripi isanayambe amapereka mankhwala oletsa nseru, kutentha thupi ndi ziwengo. Zovuta zina zodziwika ndi kutopa, nseru, kutsegula m'mimba, dzanzi m'manja ndi m'mapazi, ndiponso kutupa kwa mapapo, kumene sikofala koma n'koopsa, moti chifuwa chatsopano kapena kupuma movutikira ziyenera kunenedwa kwa dokotala tsiku lomwelo. Mankhwalawa angavulaze mwana wosabadwa.

Pali chinthu china chimene ndaona chikusokoneza owerenga, ndipo ndikufuna kuchiwongola. Ena akamva kuti maselo a khansa ali ndi khomo la foleti, amayamba kuopa masamba obiriwira kapena mapiritsi a folic acid. Kuchuluka kwa FRα pa chotupa si umboni wakuti foleti ya m'zakudya ndi imene inabweretsa khansayo, ndipo mamaikulogalamu 400 a folic acid amene amayi amalangizidwa kumwa tsiku ndi tsiku asanatenge pakati ndiponso m'miyezi yoyambirira amateteza ana ku zilema za msana ndi ubongo. Kumene foleti ya m'mapiritsi imaletsedwa kwa kanthawi ndi pa mankhwala ena otchedwa Cytalux, amene FDA inawavomereza mu Novembala 2021. Amenewo ndi utoto womangiriridwa ku chinthu chofanana ndi foleti, umene umawalitsa maselo a khansa pansi pa nyali yapadera pa nthawi ya opaleshoni, ndipo wodwala amauzidwa kuti asamwe foleti kwa maola 48 kuti isapikisane ndi utotowo pakhomo.

Kwa mayi amene khansa yake yasiya kumva platinum, amene chotupa chake chafika pa mlingo wa 75, ndipo angathe kuonedwa ndi dokotala wa maso nthawi ndi nthawi, ndimaona Elahere kukhala wabwino kuposa paclitaxel, doxorubicin ndi topotecan, ndipo ndingalimbikitse m'bale wanga kuti akambirane za mankhwalawa ndi dokotala wake wa khansa. Kwa amene chotupa chake chili ndi FRα yochepa, umboni wa FORWARD I ukuchenjeza kuti mankhwalawa paokha sangapose akalewo, pamene ngozi ya maso ikhalapobe. Kafukufuku wina wotchedwa GLORIOSA anakonzedwa kuti ayese mankhwalawa pamodzi ndi mankhwala ena a khansa otchedwa bevacizumab mwa amayi amene khansa yawo ikumvabe platinum, ndipo makampani ena akuyesa ma antibodi atsopano a FRα osenza poizoni wa mtundu wina, amene cholinga chawo n'kufikira ngakhale zotupa za puloteni yochepa. Kupima kwa FOLR1 kungachitike pa kachidutswa ka chotupa kamene kanasungidwa m'phula kuchokera pa opaleshoni yoyamba, ndipo sikufunikira kudikira kuti khansa ibwerere kaye, choncho banja lingafunse msanga ngati kachidutswako kakadalipo m'labotale ndiponso ngati kangatumizidwe kukapimidwa.